Apongozi ndi Mapesi a ku Maryhill

Kadimba kanga ka ku Maryhill, mu mzinda wa Glasgow, ndinakalandira kali gwa ngati bwalo la mpira. Kali m'mbali mwa ngalande ya maboti, pakati pa timadimba ta anthu ena a m'mafulati. Chaka choyamba ndinalima monga ndinaphunzirira kwathu ku Nkhotakota: kugalauza, kuunda mizere, kusesa zinyalala zonse. Ndinakolola anyezi onga mabatani a malaya, msana n'kumapweteka.

Woyandikana nane anali bambo wachikulire wochokera ku Punjab, amene anapuma pa ntchito yoyendetsa basi. Anandiuza kuti kwawo akakolola mpunga amadzala tirigu m'munda womwewo, ndipo ambiri amatentha mapesi a mpunga kuti afulumire, mpaka utsi kuphimba dzuwa. Mng'ono wake analeka zimenezo. Amasiya mapesi pansi n'kudzala tirigu osagalauza, ndipo nthaka yake inayamba kufewa ndi kusunga chinyontho. Ndinakumbukira kuti alangizi kwathu ankautcha ulimi wa mtayakhasu, ife n'kumawaseka. Nane ndinayesa: ndinayala makatoni, pamwamba manyowa, kenako mapesi a tirigu amene bamboyo ankatenga kwa mlimi wina kunja kwa mzinda.

Patapita zaka zingapo, apongozi anga aamuna anabwera kuchokera ku Malawi kudzationa nyengo yodzala. Titachoka kutchalitchi ndinawatengera kudimba monyadira. Anaima pachipata n'kuyang'ana mapesiwo nthawi yaitali.

"Mayi, mwakhala mukudwala?"

"Ayi, bambo."

"Chabwino," anatero motsitsa mawu.

Kunyumba ndinawamva akuuza mwamuna wanga kuti, "Mkazi wako ndi munthu wabwino, koma ntchito ikumutopetsa. Za mundawo usamukalipire." Ine kutsutsa apongozi pamaso sindikanatha. Ndinapempha mwana wawoyo kuti awafotokozere, iye n'kuti awauza mawa.

Mawa lakelo apongozi anapempha kiyi wa kudimba, ati akapitidweko mphepo. Ndili ku ntchito, kunyumba yosamalira okalamba, foni inalira. Anali mayi woyang'anira timadimbato, ndipo pa zonse zimene ananena ndinatolapo mawu amodzi: utsi.

Nditatsika basi ndinapeza theka la dimba lili mizere yowongoka ngati ya pa chionetsero cha zaulimi. Pakona panali mulu wa mapesi anga. Poti anali onyowa, sankayaka, ankangofuka, utsi n'kumalowera kumazenera a mafulati kumene anthu anayanika zovala. Bambo wa ku Punjab uja anali kuthira madzi ndi kheni. Mayi woyang'anira anali kulankhula mofulumira, nkhope ili psuu, kuti kuno moto ndi woletsedwa. Apongozi anaphunzitsa Chingerezi kupulayimale moyo wawo wonse, koma cha ku Glasgow sanamvepo kanthu. Ankangovula chipewa n'kumathokoza, poganiza kuti akuyamikiridwa.

"Ndafika pakati," anandiuza akupukuta thukuta. "Kwinaku nditsiriza mawa. Musavutike kuthokoza."

Ndinapepesa kwa mayi uja. Amene anandipulumutsa ndi woyandikana nane. Analankhula ndi apongozi pang'onopang'ono, mwaulemu wa akuluakulu okhaokha, kuti theka lotsalalo alisiye, tidzale zofanana mbali zonse, tione. Apongozi mpikisano amaukonda. Anavomera pomwepo, n'kumugwira chanza ndi manja awiri.

Tinadzala mbatatesi ndi mpiru. Mvula ya kuno sidziwa nyengo, ndiye mizere ija inayamba kugumuka, pamwamba n'kuuma chikhakha dzuwa likangowala, udzu n'kumera ngati wochita kufesa. Apongozi ankapita kukapalira m'mawa uliwonse atavala jekete la mwana wawo lofika m'mawondo. Mbali yanga udzu unali wochepa, koma nkhono zopanda zigoba zinabisala pansi pa mapesi n'kudya mpiru wanga mpaka kutsala timitengo. Tsiku limenelo apongozi anasangalala kwambiri.

"Mwazimangira nyumba yofolera bwino, mayi. Nanga zikadye kuti?"

Madala awiriwo anasanduka mabwenzi. Ankakhala pabenchi kumwa tiyi wa m'fulasiki, kukangana za mpunga wa kwawo ndi wa kwathu, wina osamvetsa bwino za mnzake.

Pokumba mbatatesi, mbali yawo panafunika khasu. Mbali yanga ndinangokankha mapesi owola n'kulowetsa dzanja. Dothi linali lakuda, lofumbutuka, nyongolotsi zili yakaliyakali. Apongozi ananjuta, natapa dothilo, nalinunkhiza, nalifikisa ndi zala. Ndinadikira kuti anene kanthu.

"Zanga zinali mu mzere wowongoka," anatero, n'kubwerera kumbali kwawo.

Tsiku loti anyamuke, mwamuna wanga akulongedza chikwama chawo anapeza kachitini ka majarini kokulungidwa mu sokosi, chivundikiro chake chitabooledwa ndi msomali. Mkati munali dothi langa ndi nyongolotsi zonenepa. Anawafotokozera kuti pabwalo la ndege sangalole, ndipo kuti ku Malawi nyongolotsi ziliko.

"Ziliko, koma zosaphunzira," anayankha apongozi.

Tinachita kudzera kudimba, takisi ikudikira pamsewu, kuti akazikhuthule okha. Anakana kundipatsa kachitiniko. Anazithira mbali yawo ija ya mizere, n'kupempha mnzawo wa ku Punjab mapesi pang'ono oti aziphimbire.