Jogu Yokana Kusiya Mnzako

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene a Bernado anabweretsa jogu, masewera a pa televizau, ku Furancungo. Anaika televizau m'kanyumba ka kuseri kwa msika, jeradolo ikulira panja, ndipo tonse tinkabwerera kwathu tikununkha gazolina.

Jogu yake inali ya asilikali awiri othamangira kumanja. Inali ndi lamulo limene linkandinyansa: mnzako akatsalira kumanzere, chithunzi sichinkasuntha. Unkangoponda pamodzimodzi mpaka akupeze.

Tsiku lina amayi anandikakamiza kutenga mlongo wanga Rozita. Mwanayo zala zake zinali ngati zobwereka. Pa dzenje lililonse ankaima n'kumaganiza, adani akutithira zipolopolo. Jeradolo inali itayamba kutsokomola, ndipo jogu imeneyo sinkasunga kanthu. Ikazima, zonse zapita. Ine ndinali ndisanafikepo pafupi ndi mapeto chotero.

"Ingogwera m'dzenjemo ufe, ndipite ndekha," ndinatero.

"Ndikubwera, achimwene. Mundidikire."

A Bernado anatsitsa mawu a televizau. Anali munthu wa nthabwala, koma apa nkhope yawo sindinaizindikire.

"Iwe miwudu, mwana iwe, kamakinaka kali ndi nzeru kuposa ine," anatero. "Pothawa nkhondo, mayi anga miyendo inatupa tisanafike ku Ntengo-Wambalame. Ndinawakhazika pansi pa mtengo, ndati ndikasiye ana ku Malawi ndibwere. Anati pita, ndikudikira. Nditabwerera ndinapeza mtengo wokha."

Ndinachita mantha, ndipo sindikudziwa ngati ndinkaopa nkhaniyo kapena mwini wake. Ndinachotsa chala pa batani. Rozita analumpha dzenje lija, tinathamanga limodzi pang'ono, kenako jeradolo inazima.

Lero ana anga amasewera pa foni. Aliyense ali ndi chithunzi chakechake, wochedwa amatsala, ndipo wothamanga sadziwa n'komwe. Opanga majogu akanandifunsa, ndikanati abwezere lamulo lija, ngakhale ana angalitukwane monga ndinkachitira ine.

A Bernado anamwalira kalekale. Ndili mwana ndinkaganiza kuti ankakhala nafe tsiku lonse pofuna kulondera makina awo. Ndazindikira ndili wamkulu kuti ife tonse maso ankakhala kumanja, kochokera adani, koma iwo ankayang'ana kumanzere, kudikira kuti aone wotsalira akufika.