Chisa mu Mtanda wa Paphiri

Crisóforo Huaroco ndi munthu wokolola utomoni. Kuyambira ali mnyamata wakhala akucheka makungwa a paini m'nkhalango ya kumtunda kwa mudzi wawo, ku Michoacán, n'kumangirirapo timakapu kuti utomoni udontheremo. Pamsonkhano satsutsa munthu, ndipo mwina n'chifukwa chake chaka chimenecho anamusankha kuyang'anira mtanda wa paphiri. Udindo wake unali woti kumayambiriro kwa Meyi autsitsire kutchalitchi, ukapakidwe utoto ndi kudalitsidwa. Anthu amati ukapanda kutsika, mvula imachedwa.

Atakwera kukauyendera, anapeza kabowo pansi pa mkono wa mtandawo, pamene mtengo unafumbwa. Kambalame kotuwa, kamchira waufupi, kanatsika chozondoka, mutu pansi, mbozi ili kukamwa, n'kulowa. Timbalame timeneti ankatidziwa. Timaboola tokha mtengo wouma, ming'alu n'kuitseka ndi ubweya kuti mphepo isalowe, ndipo podyetsa ana, achibale amathandiza makolo. Anagunditsa khutu pamtandapo. M'katimo munali kulira kwa tiana.

Anapita kwa Melitón, mchimwene wa mkazi wake, amene ankatsogolera onyamula.

"Alamu, mu mtanda muja muli chisa. Bwanji tidikireko kuti tiana ta mbalameto tiyambe tauluka?"

"Tidikire? Amalipenga afika, azimayi ali pamoto. Mukawauze nokha ansembe kuti mtanda uli m'chikuta!"

"Nanga titasema wina?"

"Wina wa chiyani? Mvula ikangochedwa, alamu, ngakhale agalu adzadziwa dzina lanu."

Crisóforo anabwereranso kuphiri, nayesa kutulutsa chisacho kuti akachiike mumtengo wina. Zala ziwiri sizinalowe. Kung'amba mtanda ndi chikwanje, zimenezo sanathe n'kuziganizira komwe.

Tsiku litafika, amuna anauzula n'kuuika pamapewa. Iye anasankha malo a pansi pa kabowo.

"Pang'onopang'ono, abale anga!"

"Tamverani azamba akulankhula!" anatero Melitón, anthu n'kufa nacho chiseko.

Timbalame tatikulu tinawatsatira, kudumpha mtengo ndi mtengo, tikulira. Pamene mapaini amathera n'kuyamba minda, munthu wina anaphulitsa makombola a chikondwerero. Timbalameto tinabwerera m'nkhalango, osaonekanso.

Mtanda unagonekedwa pamabenchi m'tchalitchi, ndipo mwambo unali woti ukhale momwemo mpaka mwezi uthe. Opaka utoto atabwera, Crisóforo anaphimba kabowo ndi chikhatho mpaka anamaliza; dzanjalo linabiriwira kufika m'chigongono. M'mawa uliwonse ankasenda makungwa, n'kubweretsa mbozi m'chipewa, n'kumazikankhira m'kabowomo ndi kaudzu. Ngati tianato tinkadya, iye sankadziwa. Mkazi wake, Nemoria, ankangomuyang'ana akutuluka ndi chipewa m'manja. Timakapu ta Crisóforo kunkhalango tinasefukira utomoni.

Kulira kuja kunkachepa tsiku ndi tsiku. Tsiku lina m'mawa Crisóforo anagwada, n'kutsamiza tsaya pamtandapo, n'kugwira mpweya. Anangomva mtima wake. Anagogoda ndi chala pang'ono. Zii.

Mayi wina amene anabwera kudzasintha maluwa anamupeza ali chomwecho. Poganiza kuti akupemphera, anaika ndowa yake pansi mosachita phokoso, n'kuima pakhomo kudikira kuti amalize. Crisóforo anamva mayiyo ataima kumbuyo kwake, koma sanadzuke.