Mayi amene anaiwala pemphero

Loweruka ndinapita kukomboni ya Chawama kukazonda amake Tisa, mayi amene ankatsogolera nyimbo mumpingo mwathu ine ndili mwana. Ukalamba unawasokoneza mutu. Ana awo sawadziwanso, Pemphero la Ambuye linawathawa, ndipo nditawapatsa moni ananditukwana mpaka ndinazolika.

Mwana wawo Tisa, yemwe masiku ano amapemphera kumpingo wina wa mutenti pafupi ndi msika, maso anali otupa ndi kulira.

"Ba tate, ba mami bataya chipulumutso," anatero kwa bambo ake. "Nabauza kuti bakambe chabe ati Yesu ni Ambuye, koma bakangiwa kukamba. Bakafa so, bazayenda kuti?"

Bambowo, a Phiri, anali kudyetsa akazi awo phala, ndipo sanatule supuni.

"Na ine baniibala," anayankha. "Dzulo banifunsa ati ndimwe bandani. Manje chikwati chasila? Ine nibaziba. Nanga Mulungu angachepe kuli ine?"

Owerenga anga, bambo uja ndinamusirira. Chiphunzitso cha Chikalvini chija tinkaloweza m'katekisimu uku tikuyasamula, choti munthu sadzipulumutsa, koma Mulungu ndiye amasankha mwa chisomo, kuitana ndi kusunga ake mpaka mapeto, ndinachiona chitakhala pampando ndi mbale ya phala m'manja.

Ndikudziwa, chili ndi minga yake. Nanga osasankhidwawo? Funso limeneli limandisautsa mpaka lero. Koma taonani chimene tikusinthana nacho. Ambiri tayamba kuona chipulumutso ngati mayunitsi a magetsi: ukaleka kuthiramo, mdima. Ukaphonya kusala kudya, chatha. Ukaiwala mawu, chatha.

N'chifukwa chake m'makomboni mwathu nkhalamba ikayamba kusochera ndi kulankhula zosamveka timathamangira kunena kuti ili ndi ziwanda, penanso kuti ndi mfiti. Mayi amene anaimba pa maliro a abale athu timamutsekera kuchipinda. Taiwala kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo?

Ngati chipulumutso chimadalira kukumbukira kwathu, ndani mwa ife amene mutu wake udzafike kumanda uli wathunthu?

Ndisanatsanzike, Tisa anapukuta misozi n'kulandira supuni kwa bambo ake. Mayiwo anamuyang'anitsitsa.

"Iwe ndiwe mwana wa ndani?"

"Wanu, ba mami," anatero Tisa. "Olo simuniziba. Yasamulani."