Telala Woyang'ana Kukhoma

Mu msewu wa mashopu uja munalibe amene sanavalepo chosoka iye, koma odziwa nkhope yake anali owerengeka. Ankamutcha Wakukhoma, chifukwa makina ake osokera anali kuchipinda chamkati cha shopu ina atayang'ana kukhoma, iye msana kukhomo. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ali choncho. Koma kusoka kwake, abale, kolala ya jekete inkagona ngati yabadwira pomwepo.

Anthu pakamwa sapuma. Ena ankati ndi matama, ena ankati mutu sukoka bwino, wina mpaka anati anaba kwinakwake, akubisala. Bodza lamkunkhuniza. Munthuyo ankangoopa maso a anthu basi. Wina akamuyang'ana n'kudikira yankho, mtima unkagundira kukhosi, thukuta kamukamu, lilime gwa. Kenako ankatha masiku atatu akubwereza m'mutu moni mmodzi amene anayankha mokhota.

Zinayamba ali pasukulu, tsiku limene aphunzitsi anamuimiritsa kutsogolo kuti awerenge, mawu n'kukana kutuluka, kalasi yonse n'kufa nalo phwete. Sukulu inathera chaka chomwecho. Amalume ake anamuphunzitsa makina n'kumupezera malo pashopupo. Sanakwatire, paja kufunsira kumafuna pakamwa. Ankakhala m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya achemwali ake, mayi wogulitsa zipatso pamsika, wa mawu ofika kutsidya kwa msewu, amene anagendapo munthu ndi sikelo chifukwa chonena mlongo wawo kuti chitsiru.

Ntchito pashopupo inkayenda chifukwa cha a Tepi, mdala wokhala kutsogolo. Iwo ndi amene ankalandira makasitomala, kuwayeza, kulemba manambala pakapepala n'kukabaya ndi pini pansalu. Wakukhoma ankaudziwa msewu wonse ndi timapepalato: ndani wanenepa, ndani akuwonda, mwana wa ndani watalika. Ndiye a Tepi anadwala sitiroko, ana awo n'kudzawatenga. Mwini shopu sanali munthu woipa, tisamunamizire. Anangoti malonda afooka, sangalembe wina wongoyeza, wosoka aziyezanso yekha. Anamupatsa Wakukhoma mpaka kutha kwa mwezi.

Achemwali atamva anaphimba zipatso n'kumukokera kuchipatala. Mlangizi wa kumeneko, mayi wofatsa, anamulola aziyankha atayang'ana pansi. Anati si matama, si misala, ndi matenda a nkhawa yoopa anthu, ambiri ali nawo ndipo amachizika. Mankhwala alipo, koma amatenga masabata kuti agwire. Chachikulu n'kuzoloweza mtima pang'onopang'ono. Analemba naye limodzi masitepe khumi. Loyamba, kutembenuza makina ayang'ane kukhomo kwa ola limodzi. Lachiwiri, kupereka moni kwa munthu mmodzi. Lakhumi, kuyeza mlendo. Lililonse alibwereze mpaka mtima usiye kuthamanga, osalumpha. Anamuphunzitsanso kupuma mokoka mantha akabwera.

Ndipo anayesetsa, wina asatsutse. Sabata yoyamba anatembenuza makina, n'kusoka mkono wa shati mozondoka, koma anapirira. Yachiwiri anapereka moni kwa mlonda wa sitolo yoyandikana, mlondayo n'kucheuka uku ndi uku kufuna amene walankhula. Tsiku limenelo Wakukhoma anabwerera kunyumba m'mutu muli mopepuka.

Koma achemwali ankawerenga masiku. Masitepe awiri m'masabata awiri, otsala asanu ndi atatu, mwezi ndi uwo ukutha. Kwa iwo chithupsa sachisisita, amachifinya. Loweruka m'mawa anatulukira pashopu ndi anzawo a pamsika asanu ndi anayi, aliyense ndi nsalu yake m'khwapa. M'njira anali atawafotokozera zonse kuti amugwire bwino.

"Iwe, tuluka. Awa ndi anthu athu, palibe wokuseka pano. Woseka aona mbama yanga."

Wakukhoma anatuluka, tepi yoyezera ili m'khosi. Azimayi amene pamsika salola ndi ntchentche yomwe kudutsa osainena anali chete, onse akumuyang'ana mwachisoni ngati wodwala wa pabedi. Bola kuseka. Woyamba, mayi wogulitsa mazira, anakweza manja kuti amuyeze. Wakukhoma anazunguliza tepi, manambala akusambira m'maso. Anayesa kukumbukira zija za mlangizi.

"Musaope bambo," anatero mayiyo mokoma mtima. "Tonse tauzidwa za matenda anuwo. Pumani mokoka monga anakuuzani kuchipatala."

Kani ndi kupuma kwake komwe msika wonse ukukudziwa. Tepi inagwa pansi. Anatulukira khomo la kuseri, jekete yake n'kuisiya pamsomali.

Lolemba sanapite kuntchito, Lachiwiri sanapite. Mwini shopu anabwera yekha kunyumba kawiri, n'kulankhula ndi chitseko chotseka. Mwezi utatha, pamakina paja panakhala telala wina wolongolola, wa makolala oima ngati makutu a galu. Achemwali anapita kukamulalatira mwini shopuyo, iye n'kungowapatsa mpando n'kuwafunsa kuti akanakhala iwo akanatani.  Kuchoka apo achemwali anathamangira kwa mlangizi, amene sanawadzudzule kwambiri. Anangoti kugwa kumachitika, abwere naye Lachinayi teni koloko ayambirenso. Tsoka lake, njira ya kuchipatala ndi imodzi yokha, ndipo imadutsa pakati penipeni pa msika.

Lachinayilo Wakukhoma anasamba, anavala, anamanga nsapato, n'kukhala pabedi. Ankafuna kupita, ndithu ankafuna. Koma akangoganiza za benchi ya mazira, ya tomato, ya malasha, ndi mitu yonse ija ikutembenuka, ankangokhalabe pabedipo. Achemwali sanapite kukagulitsa, anali panja pa chitseko.

"Tiye, ine ndikhala patsogolo. Wokuyang'ana ndimutukwana."

"Vuto lake ndi lomwelo, achemwali."

"Nanga nditani? Undiuze iweyo, mlongo wanga, nditani ine?"

Wakukhoma anamva kuti mawu awo asasa.

"Sindikudziwa," anatero.

Wailesi ya nyumba yoyandikana inalengeza teni koloko. Iye anali akadali pabedi ndi nsapato zake zomangamanga. Anamva achemwali akukoka ndowa, kuivundikira, n'kukhalapo pafupi ndi chitseko, osagogodanso.