Siponji ya M'kandege

Nthawi inali isanakwane 7 koloko m'mawa, amake mapasa ali chiweramire m'chipinda chokonzeramo mawailesi, akukoka maginito pansi kutolera timasikuluwu timene amuna awo amagwetsa. Salowetsamo tsache asanatero. Kunsi kwa tebulo adaona kanthu komwe maginito sakanakoka: siponji yachikasu, yaing'ono ngati bokosi la machesi.

Adaitola.

Amuna awo, amene aliyense amawatcha a Payiloti, amapanga tindege touluka ndi limoti. Zaka khumi ndi chimodzi anthu akhala akuwaombera m'manja. Koma zala zawo n'zonenepa, sizilowa m'mimba mwa kandege. Zolowa ndi za mayiwa, zozolowera singano. Ndiwo amaika kabokosi kolandira malamulo a limoti, atakakulunga m'siponji ya matiresi akale kuti kunjenjemera kwa injini kusazule mawaya. Ndiwonso amawongola kawaya ka eriyo kutali ndi batire, n'kudontheza polishi wa zikhadabo pa sikuluwu iliyonse kuti isamasuke. Zonsezi amachita pakati pa kuchapa ndi kuphika, ndipo palibe adawafunsapo kuti zimenezi n'zachiyani.

Tsikulo a Payiloti adalawirira kusukulu ya mapasa, kukaulutsa kandege katsopano pamwamba pa ana onse.

Mayiwa adaimba foni. Foni ya amuna awo idalirira pawindo, ili pa chaja.

Mlamu wawo, mlongo wa a Payiloti, adasuzumira mswachi uli kukamwa.

"Alamu, mwaona chiyani, njoka?"

"Siponji iyi wachotsa ndani?"

"Achimwene, dzulo. Akuti tizinyalala tanu tikulemeretsa ndege."

"Tizinyalala?"

"Atero kumene. Akuti akazi mumafuna kufunditsa bulangete chilichonse, ndi waya yemwe."

Mayiwa adaiyang'ananso siponji ija. Sikuti amuna awo adaiwala ayi, sadadziwepo n'komwe ntchito yake. Zaka zonsezi ankayesa zokongoletsa za mkazi wosowa chochita! Mayiwa adakumbukira kandege koyamba, asanayambe kukulunga. Waya adazuka kali m'mwamba, kadasiya kumvera limoti, n'kukaboola denga la garaja. Tsopano kunsi kwake sikukhala malata, kukhala mitu ya ana, iwiri mwa iyo yobala okha.

"Ayamba nthawi yanji?"

"Akuti belu la 8 likangolira."

Adaponya siponji ndi kabotolo ka polishi m'thumba la epuloni, n'kutuluka silipasi imodzi itatsala pakhomo. Kuseri kwa mpanda, neba wawo pulambala ankatsuka njinga yake yamoto, thovu lili mbuu.

"Mwadzuka bwanji amake mapasa? Nanga liwiroli, kwapsa?"

"Aneba, thovulo mutsukuluza pobwera. Lizani njinga mundithamangitsire kusukulu, chonde. Tikafika, inu mukawagwire nkhani a Payiloti, muwatamande mmene amakondera muja, ine ndilowetse zala m'kandegemo."