Kugogoda kwachiwiri kwa pikapu ya bambo

Ine ndine munthu woimba. Popeta ndimaimba, potunga madzi ndimaimba, kumaliro amandiika kutsogolo kuti ndiyambitse nyimbo. Sukulu inandidutsa, koma khutu Mulungu anandipatsa, anandipatsa ndithu. Khutu limeneli ndi limene ndikufuna kunena, khutu langa ndi pikapu ya malemu amuna anga, imene mpaka lero ili kuseri kwa nyumba, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala.

Bambo anali mkamwini kwathu kuno kwa Mkhumba. Munda ndi wa amayi anga, mango ndi athu, malo amene tinamangapo nyumba ndi athu. Ana anabereka ndi iwo, koma mwana akapeza banja tinkayamba tauza amalume ake. Bambo sankadandaula, ayi. Zaka ndi zaka anagwira ntchito pachigayo cha eni ake, akubwera madzulo ali mbuu mpaka m'zikope. Atapuma ntchito tinagulitsa nandolo, iwo anaphatikiza ndi zimene ankasunga, n'kupita ku Limbe. Anabwerako ndi pikapu yoyera, yakalekale, ya dizilo, chitseko chimodzi chotsegukira kunja kokha. Tsiku limenelo ndinavina ine, ndinavina mpaka chitenje chinamasuka. Iwo anangoima, dzanja paboneti, akumwetulira. Pamudzi ponse pano, chinthu chimodzi chokha chimene mbale wanga aliyense sakanati n'chathu chinali chimenechi. Chinali chawo, chawochawo.

Koma chigayo chija chinawadyera makutu. Kuti amve, umayenera kuima patsogolo pawo n'kukuwa ngati ukuitana munthu wa tsidya la mtsinje. Ndiye makutu a pikapu ndinali ine. M'mawa akailiza, ankaisiya iime kaye injini ikulira kuti itenthe, kenako n'kundiitana.

"Mayi, tabwerani mudzandimvere."

Ine ndinkasiya tsache, n'kuizungulira. Nyimbo yake ndinkaidziwa ngati mawu a mwana wanga: dudududu, dudududu, yofatsa, ngati ng'oma yaikulu ya gule wa tchopa ikumveka mudzi wachitatu. Lamba akakhwepa inkati tswii, ndinkawauza, iwo n'kumanga. Boti ikamasuka kwinakwake ndinkaloza ndi chala, iwo n'kutenga sipanala. Amakaniko a ku Phalombe ankatiseka kuti galimoto imeneyi ili ndi madalaivala awiri, wamanja ndi wamakutu. Bambo ankakondwa nawo mawuwo. Ankayenda nayo kunyamula mpunga wa anthu kuchokera kudambo, nandolo kupita kumsika, odwala kupita kuchipatala, ndipo pamsonkhano wa m'mudzi anayamba kuwapatsa mpando m'malo mwa mphasa.

Chaka china, mvula itangokata, mdzukulu wathu anapeza banja. Ndi mwana wa mwana wathu wamwamuna amene anakwatira kwa Nazombe. Ine ndi kamwa langali ndinalengeza kwa amayi anzanga a kwaya kuti palibe adzayende pansi, palibe adzakwere kabaza, tonse tidzalowa m'mudzi mwa eni ake tili pamwamba pa pikapu ya kwathu, tikuimba. Ndinapeka ndi nyimbo yatsopano. Tinagula zitenje zofanana.

Kutatsala masiku atatu, pikapu inayamba kunjenjemera. Ikaima injini ikulira, chiwongolero chinkagwedera, galasi lam'mbali likuvina moti nkhope yako sukanaiona. Ndipo pansi china chake chinkati ngwelengwele, ngwelengwele, ngati mbale zachitsulo m'dengu la munthu wothamanga. Bambo akaponda mafuta phokoso lija zii. Akachotsa phazi, labweranso. Kunjenjemerako iwo ankakumva m'manja ndi m'chiuno, koma phokoso ankaliwerenga pankhope panga.

Tinayamba ndi zapafupi. Tinatsitsa jeke, masipanala, chigubu cha madzi, zonse zimene zinkakhala kuseri kwa mpando. Ngwelengwele ali pomwepo. Tinamanga chitseko chakumbuyo ndi chingwe cha mphira. Ngwelengwele ali pomwepo. Apo bambo anatsegula boneti n'kundituma mthiko. Anati amakaniko amamvera ndi sikuludiraiva yaitali, mbali ina pachitsulo, mbali ina pakhutu, ndiye mthiko ungakanike bwanji. Anandichenjeza kuti ndimange bwino chitenje ndi duku, fani ingandikoke.

Ee, mthiko uja unandionetsa zodabwitsa. Ukaugunditsa apa, ukumva tiki-tiki-tiki, ting'onoting'ono ngati wotchi. Ukaugunditsa apo, ukumva madzi akuyenda. Pamwamba ponse injini inkaimba bwinobwino. Ndiye ndinayala mphasa, ine gogo wa zidzukulu, n'kukwawira kunsi. Mng'ono wanga ankachokera kumjigo, ndowa pamutu, anaona mapazi anga okha atatulukira.

"Achemwali, umakaniko mwauyamba liti? Mthiko womwewo muphikiranso?"

"Eya, lero mudya za dizilo, muyende mothamanga."

Tinaseka, ndipo ndili mkati moseka ndinachiona. Kachitsulo kakang'ono ka lata kamene kamatchinga paipi ya ekizozi, yotulukira utsi, kanali katataya boti imodzi, kakumenya paipiyo. Ndinakakanikiza ndi mthiko, zii. Ndinasiya, ngwelengwele. Kukanikiza, zii. Kusiya, ngwelengwele. Ndinachita katatu dala, ndikuimba, kuti bambo aone mapazi anga akuvina. Anazimitsa injini, tinadikira paipi izizire, iwo anakamanga ndi waya. Atailizanso, mbale zija zinali zitakhala chete.

Koma phokoso lalikulu likachoka, laling'ono limapeza njira. Ndinamva china. Gu. Gu. Chapansipansi, mbali ya kumanzere, ngati munsi m'mtondo kunyumba yakutali. Ndinalondola ndi mthiko mpaka pamene injini imakhalira. Pamenepo pali mphira yaikulu ngati chibakera, ndipo mphirayo inali itang'ambika ngati chidendene m'chilimwe. Nditagunditsa mthiko, kugogoda kuja kunandilowa m'mano. Dzina la chinthucho sindinkalidziwa, koma khutu linadziwa kuti iyi si nyimbo yabwino.

Bambo anali pachiwongolero, manja onse awiri atagwira. Anati phokoso akukhulupirira kuti latha poti ndavina, koma kunjenjemera akukumvabe pang'ono. Anati ngati pali china ndinene, akaitane makaniko. Ndipo ine ndinkawadziwa amuna anga. Galimoto yodwala sankaiyendetsa, ngakhale kukafika pamsewu pokha. Akanaiimika mpaka chitsulo chibwere kuchokera ku Limbe, sabata yathunthu kapena kuposa. M'mutu mwanga ndinaona zitenje zofanana zija zikuyenda pansi m'fumbi. Ndinamva nyimbo yanga yatsopano ikuimbidwa ndi anthu otopa. Ndinaima patsogolo pawo kuti aone milomo yanga.

"Zatha, bambo. Kunjenjemerako ndi ukalamba chabe, ngati ifeyo."

Anaseka, anatsika, anatseka boneti. Sanayang'anenso. Akanayang'aniranji, poti khutu lawo linali litanena?

Loweruka m'mawa tinapakira. Thumba la mpunga, nkhuni, mbuzi, mphika wa nyemba za kalongonda, ndi amayi a kwaya atadzaza mpaka m'mbali. Bambo ananditsegulira chitseko chakutsogolo, malo anga a masiku onse, pamene ndinkakhala khutu lili tcheru. Ndinakana. Ndinati woyambitsa nyimbo sakhala m'nyumba ya magalasi. Ndinakwera kumbuyo, msana kutsamira denga, nkhope kwa anzanga.

Tinaimba ife, tinaimba. Phiri la Michesi lili apo, mphepo ikuulutsa maduku, ana m'midzi akutithamangira. Msewu unali utakumbika ndi madzi a mvula, pikapu ikutiponya uku ndi uku, ife tikungoseka. Titatsikira m'kamtsinje kouma, galimoto inagwera m'dzenje. Pansi pa nyimbo ndinamva kho. Kenako kwekwekwekwe, chitsulo chikukanda chitsulo. Ndinamva, sindingakane. Dzanja langa linali padenga, kungogogoda katatu bambo akanaima, ndi mmene tinkachitira. Koma ndinali pakati pa ndime, amayi akuyankha bwino, mawu akukwera mmene ndinkafunira. Ndinati ndimalize kaye ndimeyi. Nditamaliza, kukanda kuja kunali kutasiya, ndiye ndinayamba ndime ina.

Chimene chinandiletsa kuimba ndi fungo, fungo la mphika wopserera. Kenako nthunzi inatuluka m'mbali mwa boneti, pikapu inatsokomola kawiri, n'kukhala chete. Chete amene sindinamumvepo. Nditacheuka kumbuyo ndinaona mzere wa madzi mumsewu, wautali, ukuchokera kukamtsinje kuja. Kasingano kosonyeza kutentha kanafa kale tisanaigule, ndiye bambo analibe chowauza china kupatula ine.

Ku ukwati tinafika ndithu, wapansi, katundu pamutu, mbuzi ikukokedwa. Bambo anatsala ndi galimoto mpaka dzuwa litapendeka. Ine ndinaimba kumeneko, ndipo anthu amanenabe kuti ndinaimba bwino.

Mawa lake tinaikoka ndi ng'ombe mpaka pakhomo. Makaniko wa ku Phalombe anabwera panjinga yamoto, anasuzumira, anagwira apa ndi apo, n'kupukusa mutu. Anati mphira ija, iwo amati mauntini, inaduka, injini inapendama, fani inadula rediyeta, madzi onse anatayika, injini inayenda youma mpaka yapsa mkati. Anati kusintha mphira ikanakhala ntchito ya m'mawa umodzi, koma tsopano pakufunika injini ina. Kenako anakuwira bambo m'khutu, kuwafunsa ngati sinkagogoda ikaima. Ine ndinali pomwepo, mthiko uli m'manja. Bambo anagwira khutu lawo n'kulikoka pang'ono.

"Makutu angawa, mwana wanga. Amayiwa anayesetsa."

Injini ina sitinaipeze. Nandolo anatsika mtengo, bambo nawo mphamvu zinayamba kuchepa. Anakhala nafe mvula ziwiri zina. Akafuna kupita kumsika ankabwereka njinga kwa mchimwene wanga, ankaima pakhomo pake chipewa chili m'manja, ngati masiku amene anali mkamwini watsopano. M'mawa uliwonse ankapukutabe pikapu ija ndi nsanza, kenako n'kukhala pachiwongolero chitseko chili chotsegula. Sanandidzudzule ngakhale kamodzi. Akanandikalipira mwina bwenzi nditapepuka.

Kunena ndinafuna, kambirimbiri ndinafuna. Tsiku lina ndinawatengera tiyi m'galimoto momwemo, ndinakhala pamalo anga aja. Ndinati lero ndinena. Iwo anagwira kiyi ngati akuliza, anandiyang'ana ndi maso oseka.

"Mukumva chiyani, mayi?"

Ndinatsegula pakamwa. Ndinati chapansipansi, ndinamva ine, bambo, ndinamva kugogoda kwachiwiri. Iwo anapendeketsa mutu, dzanja kukhutu, kuti ndibwereze mokweza. Pamenepo mng'ono wanga ankasesa pabwalo pake, mchimwene wanga ankasoka dengu patsinde pa mango, akazi ake akutsuka mbale. Kuti bambo amve, ndinayenera kukuwa kuti mudzi wonse umve. Ine amene ndimakuwa patchalitchi mpaka malata kuyankha, mawu awa okha anandikanika kuwakweza. Ndinangoloza tiyi kuti amwe angazizire. Anamwa.

Masiku ano ogula zitsulo zakale amabwera ndi sikelo yawo, amaizungulira, amagogoda boneti. Abale anga amati ndigulitse, ikungosunga njoka. Ine ndimakana. Munda ndidzasiyira ana anga aakazi, mango adzadya adzukulu, koma ichi si changa choti ndigulitse. Ogulawo akamachoka amakonda kufunsa kuti agogo, kodi inafa ndi chiyani. Ndimawauza zoona, kuti ndinamva ine koma sindinanene. Amaseka, amayesa ndikuyambitsa nyimbo. Iwowo amamva msanga, ngakhale nditanong'ona.