Mbewu yathu yaolera pansi pa malata

Lachiwiri m'mawa, ndikuvala kuti ndipite kukaphunzitsa, dontho lakuda linagwera pa malaya anga oyera. Ndinayang'ana kudenga. Malata onse anali ndi madontho, ena akutsetsereka ndi mwaye. Ndinapsa mtima, n'kuitanitsa aZuze, mmisiri amene anandikhomera malatawa chaka chatha.

"Mwandiboolera denga," ndinatero.

Iwo anatuluka panja, n'kuyang'ana kumwamba. "Apulofesolo, mvula ya m'Junyu mwaiona kuti? Limenelo ndi thukuta la malata. Mpweya wanu womwe ndi nthunzi ya mphika zikagunda chitsulo chozizira zimasanduka madzi. Paja ndinati tiyale mphasa kunsi kwake, inu munati chiyani?"

Ndinati chiyani? Ndinati sindinagule malata ku kantina ya ku Vila Coutinho kuti ndiwabise ndi bango.

Malaya amachapika. Chandiwawa n'china. Mayi a kunyumba, aNajere, anapachika chimanga cha mbewu kudenga monga amachitira chaka chilichonse. M'nyumba yaudzu utsi umachiumitsa, anankafumbwe osayandikira, ndipo udzu sutuluka thukuta. Titachitsitsa tsiku lomwelo, tinapeza chonse chachita chuku. Ndi mbewu imene anawasiyira malemu amayi awo. ANajere sanandikalipire. Anangochiika m'lichero n'kukathira nkhuku, ndipo ndikanakonda akanandikalipira.

Kodi ndi ine ndekha? Ayi ndithu. Yendani kuchokera ku Fonte Boa mpaka ku Kalomwe. Aliyense wobwera ku Joni, asanapereke n'komwe moni kwa apongozi, wayamba kale kusasula udzu kuti akhome malata. Kuno kumapiri, kumene chisanu chimaumitsa zala! Nyengo ino nyumbazo zimazizira ngati mtsuko, ana n'kumatsokomola. Dzuwa likafika poswa mtengo, mwini nyumba amathawira pansi pa pichesi. Koma mukamufunsa, akuti, "Tili bwino, tatukuka." Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tinaonera Azungu a ku boma. Koma tinaona kunja kokha, poti m'kati satilowetsa. M'menemo muli matabwa kunsi kwa denga ndi mipata yotulukira mpweya, ndipo kophikira n'kwina. Ife tatola chipewa chokha. Wogulitsa naye sakuuzani. Iye ntchito yake n'kugulitsa.

Sindikuti malata ndi oipa. Ndikuti yalani mphasa kunsi, siyani mpata pakati pa khoma ndi denga, ndipo mbewu ikhale ku khitchini yaudzu. Zonsezi aZuze anandiuza, ine n'kumva za m'maluwa.

Tsono mbewu ya mtundu umenewu yatsala pa khomo limodzi m'mudzi muno, kwa aNangozo, amayi amasiye amene ndinawauza pamaso pa anthu kuti nyumba yawo yaudzu ikunga khola la nkhunda. ANajere akuti iwo sapitako kukapempha mbewuyo. Akuti apite mwini malata.

Inu awerengi, mukanakhala ine, mukanayamba ndi mawu ati pakhomopo?